Ndege ya agogo inkatera pa madzi, ife n'kumaseka

## Bodza lawo linali limenelo

Kwathu ku Lirangwe munthu wamkulu aliyense anali ndi bodza lake lomwe tinkamudziwa nalo. Amalume ankati anamenyapo fisi chibakera mpaka anakomoka, azakhali ankati anamukana katatu konse kalaliki wa pa sitesheni ya sitima. Nde agogo aamuna, bambo awo a mayi anga, lawo linali la ndege. Ankati ali kamnyamata anaona ndi maso awo ndege yaikulu kuposa tchalitchi cha kwathu ikutera pa nyanja. Osati kugwa ayi, kutera bwinobwino, chifuwa pa madzi ngati bakha, kenako azungu n'kumatuluka mmenemo atatchena, azimayi ndi zipewa zawo, n'kukwera boti kupita kumtunda kukamwa tiyi.

Ife ana tinkafa nako kuseka. "Agogo, inali ya lichero imeneyo eti?" Mchimwene wanga wina ankachita kufunsa kuti oyendetsayo anali atavala kapena anali buno bwamuswe, poti ndege zomwe timamva kuti zatera malo osayenera kwathu kuno ndi zija zimagwa pakhomo pa eni ake m'bandakucha mafuta akazithera. Agogo sankakwiya olo pang'ono. Ankangoyang'ana ine, poti ndine mdzukulu wawo woyamba wamkazi ndipo ankanditchula kuti akazi anga, n'kunena kuti "Akazi anga, inunso mukuseka nawo? Chabwino, sekani."

Ndipo ndinkasekadi. Nditapita kusekondale ndiye zinanyanya chifukwa ndinali nditadziwa tsopano kuti ndege imafuna bwalo, imafuna matayala, ndipo Chileka ndinali nditakuonako pa ulendo wa sukulu. Tsiku lina ndinawafotokozera agogo zonsezi mwaulemu ndithu, ngati mphunzitsi, kuti mwina munaona sitima ya pamadzi ndiye poti munali mwana munasokoneza. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Sanayankhe. Kuyambira tsiku limenelo nkhani ija sanaikambenso ine ndili pomwepo, ndipo ine sindinazindikire n'komwe kuti aisiya.

## Chithunzi cha pa Facebook

2019, ndili pa ntchito mu Blantyre, nthawi ya lanchi ndikungotsetsereka pa foni kutha bando, ndinakumana ndi chithunzi m'magulu aja amaponya zithunzi zakale za Nyasaland. Chakuda ndi choyera. Nyanja, phiri kumbuyo, ndipo pakati pa madzi chindege cha mainjini anayi chitakhala phee, kaboti kali pambali pake. Pansi analemba kuti Cape Maclear.

Nsima inandikanika. Ndinachikulitsa chithunzicho ndi zala mpaka chinayamba kuoneka timabokosi, kufuna kuona ngati wina wachita kuchipanga pa kompyuta. Usiku umenewo sindinagone msanga, ndinawerenga chilichonse chomwe ndinachipeza, ndipo chilichonse chinkangonditsimikizira kuti munthu yemwe ankanama pa nkhaniyi sanali agogo, ndinali ine ndi jogalafe yanga ya Fomu 2.

Ndinawaimbira mayi mmawa kuti apatseni foni agogo. Ndinati agogo, ndege yanu ija ndaiona. Anakhala chete kanthawi, ine n'kumaona ngati netiweki yathawa. Kenako anati, "Inali kuti masiku onsewa?"

## Inkadzatani kuno

Ndegezo zinali za kampani ya boma la Britain yotchedwa BOAC, mtundu wake Short Solent. Thupi lake linali la boti, mapiko pamwamba, kuchoka nsonga ina kufika ina mamita 34, mainjini anayi a Bristol Hercules, ndipo mkati munali nyumba yosanja, pansi ndi pamwamba. Anthu okwera ankakhala 34 basi, chindege chonsecho, minibasi ziwiri za ku Ndirande zimanyamula oposa pamenepo. Ankadya pa tebulo, ndi mbale zenizeni.

Ulendo wa Southampton kupita ku Johannesburg pa ndege zimenezi unayamba mu Meyi 1948, katatu pa sabata, ndipo unkatenga masiku anayi ndi kanthu chifukwa usiku sizinkauluka, anthu ankatsika kukagona ku hotela n'kudzapitiriza mmawa. Njira yake inkangotsata madzi. Augusta ku Sicily, kenako Egypt, kutsata Nile mpaka Khartoum, Port Bell pa Lake Victoria pafupi ndi Kampala, Zambezi chakumtunda kwa Victoria Falls, n'kukathera pa damu la Vaal pomwe anthu ankakwera basi kulowa mu Joni. Mu Novembala 1949 ndi pomwe ulendo umodzi pa sabata anaupatutsa kuti uzidzera pa nyanja yathu, pa Cape Maclear, pomwe panali hotela yatsopano.

Chifukwa chake chotera pa madzi n'chosavuta. Nthawi imeneyo mabwalo a ndege aatali, olimba, oti chindege cholemera n'kuterapo mvula itagwa anali ochepa mu Africa muno, pomwe nyanja ndi mitsinje zinalipo kale zaulere. Koma nkhondo yachiwiri ija inasiya mabwalo ambiri atamangidwa, ndege za matayala zinayamba kuthamanga kwambiri komanso kutchipa, ndiye pomwe Solent imafika kwathu n'kuti nthawi yake itatha kale. Yomaliza inanyamuka ku Southampton pa 3 Novembala 1950. Chaka chimodzi chokha, basi. Hotela ija sinakhalitsenso, inatsekedwa. Pofika Meyi 1952 ndege ya jeti ya Comet inali ikuchoka ku London kukafika ku Johannesburg tsiku limodzi lisanakwane, ndipo inkaima ku Entebbe ndi ku Livingstone, ife inkangotidutsa.

Malo amenewa kaya ali ndi chani, azungu amawakonda msanga n'kuwathawanso msanga. David Livingstone anawapatsa dzina la mnzake Thomas Maclear mu 1861. Amishoni a Livingstonia, a Robert Laws ndi anzawo, anafika mu 1875 n'kumanga pomwepo, malungo anawasautsa, 1881 anasamukira ku Bandawe kusiya manda. Ndege nayo chaka chimodzi. Chomwe chinakhala ndi mudzi wa Chembe, komanso Ilala, yomwe nthawi yomweyo ndegeyo ikutera inali ikubwera zidutswazidutswa kuchokera ku Scotland kudzalumikizidwa kuseri kwa phiri pa Monkey Bay. Inalowa m'madzi mu 1951 ndipo mpaka lero anthu a ku Likoma amaidikirabe.

Zonsezi ndinaziloweza ngati ndikukalemba mayeso. Cholinga changa chinali choti ndikawauze agogo mbiri ya ndege yawo. Taonani kupusa kwake, kawiri konse.

## Tinapita

Mu Okutobala chaka chomwecho ndinabwereka galimoto kwa mnzanga, ndinawatenga agogo ndi mayi. Agogo anavala jekete kutentha konse kuja, ndi chipewa, ndodo yawo ili pamiyendo. Zalewa, Chingeni, Balaka, Ulongwe, Mangochi. Iwo ankangoyang'ana pawindo. Titadutsa Mangochi anati "Fort Johnston," osauza munthu, ngati akupereka moni kwa wina.

Funso lomwe ndinayenera kufunsa zaka makumi awiri zapitazo linandibwerera tili pa msewu wokhotakhota uja wolowera ku Chembe, anyani atakhala m'mbali ngati apolisi a pamsewu. Munthu wa ku Lirangwe, kwathu kopanda ndi dziwe lomwe, mwana wa zaka khumi, ankatani ku Cape Maclear mu 1949? Ife tonse tinkalimbana ndi ndege, palibe ndi mmodzi yemwe anafunsapo kuti nanga inuyo kunyanjako munakafikako bwanji. Ndinafunsa. Mayi anandigwira bondo, ngati akuti taima kaye. Agogo anati, "Tifike."

Malo pomwe panali hotelayo ali mkati mwa paki, Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, mbali yomwe amaitcha Golden Sands, chakufupi ndi Otter Point ndi manda a amishoni aja. Tinalipira pa geti n'kulowa. Kunali zii, anyani okhaokha ndi nkhwazi ikulira chakumwamba.

## Pa mchenga

Tangofika pa mchenga agogo anasintha. Ndodo ija inasanduka cholozera. Ine ndinatulutsa foni n'kuyamba kujambula mawu, ndipo ndili nawo mpaka lero, mphindi khumi ndi zinayi.

Anayamba ndi mphepo, ngati msodzi, chonsecho iwo anali mlimi wa nandolo. Anati taonani akazi anga, mwera ukamaomba umachokera uku, kuseri kwa mapiriwa, ndiye kunja uko nyanja imalusa koma muno mumakhala bata, chilumba cha Thumbi icho, cha Domwe icho, zatchinga. Mpoto ndi umene umalowa muno nthawi ya dzinja. Azungu aja sanali opusa posankha pano.

Anati tsiku la ndege linkadziwika kusanache. Boti ya injini inkayamba kuzungulira pa madzi, kupita uko, kubwerera, kuthamangitsa mabwato onse ndi kuyang'ana zitsa zoyandama, chifukwa chipika chimodzi chokha chikanang'amba mimba ya ndegeyo. Asodzi ankakokera mabwato awo kumtunda n'kukhala pansi. Kenako phokoso, usanaione, lochita kumveka m'chifuwa. Inkatulukira, kuzungulira kamodzi ngati nkhwazi yaona chambo, n'kutsika, kutsika, mpaka mimba igunde madzi, ndiye madzi ankang'ambika pawiri, thovu mbali iyi thovu mbali iyi, kutalika kuposa mazenera. Anaonetsa ndi manja. Jekete ija anali ataivula.

Ikaima, munthu ankatulukira pa kachitseko kakumphuno ndi ngowe, kukola chingwe cha pa chitsulo choyandama chomwe ankaimangirirapo, ngati mbuzi pa chikhomo. Boti ina inkapita kukatenga anthu, ina ya mafuta. Mafunde ake ankafika mochedwa pa mchenga pano, ndege itazima kale, ndipo ana onse ankathamangira kukawaponda. Anaseka pokumbukira zimenezo, kuseka kwenikweni, mano awo atatu onse panja.

Ine ndiye ndinali pa chimwemwe, ndikuthira ndemanga, agogo mukudziwa kuti inkachokera ku Southampton, agogo mukudziwa kuti munkakwera anthu 34. Anati eya, eya. Ndinazimitsa chojambulira, ndinaika foni m'chikwama, mumtima ndikuti ntchito yomwe tinabwerera yatheka, ndawapepesa agogo anga, tiyeni tikadye chambo.

Iwo anatembenuka, nyanja kuisiya kumbuyo, n'kuyamba kukwera chakumtunda.

## Kuseri

Anayenda pang'onopang'ono pakati pa zotsalira za simenti ndi tchire, akugogoda pansi ndi ndodo, mpaka anafika pena pake pomwe ine sindinaonepo chilichonse, miyala ndi masamba ouma basi. Anaima. Anati khitchini inali chapa, ndipo ife tinkakhala apo.

Ife ndani, agogo?

"Ana a njala."

Anakhala pa mwala, mayi anakhala pansi pambali pawo, ine ndinangoima ngati mtengo. Ndipo anayamba kukamba, mawu ali pansipansi, osati aja a pa mchenga. Mvula ya 1948 kulowa 1949 inayamba bwino, anthu anabzala, kenako inadula chimanga chili m'mawondo. Anabzalanso, chinapsanso. Akuluakulu onse a ku Lunzu ndi Lirangwe amaidziwa njala ya fote naini, ndipo ine ndinaimvapo kambirimbiri, koma ndinkaiika m'thumba lina, ndege m'thumba lina. Sindinaganizepo kuti ndi chaka chimodzi, miyezi yomweyo. Njalayo inafika poipitsitsa kumapeto kwa 1949 ndi kumayambiriro kwa 1950, ndendende pomwe ndege inayamba kutera pano.

Bambo awo, anatero agogo, ananyamuka ndi thumba kuti akukasuma chaku Ntcheu. Amuna ambiri anapita choncho. Ena anabwerera ndi chimanga, ena anapeza banja komweko. Awo sanabwerere, ndipo mpaka lero palibe anabwera kudzanena kuti anawaona. Mayi awo anadikira mpaka gaga anatha, mpaka anayamba kukumba mizu, kenako anati kunyanja kuli mlongo wanga anakwatira kumeneko, kuli nsomba, tiyeni. Anayenda wapansi, mayi, agogo, ndi kamchemwali kawo ka zaka zitatu kali kumsana. Anati masiku sanawerenge, chomwe amakumbukira ndi mapazi, ndi mayi awo akupempha madzi pa makomo a anthu olankhula Chiyao.

Ndinati koma kunyanja kuno nsomba zinalipo. Anandiyang'ana ngati mmene ankandiyang'anira ndikamawaphunzitsa za matayala. Anati nsomba zinalipo, za eni mabwato. Mlendo wobwera manja lende amakoka nawo khoka kuyambira usiku, amupatse kambale ka utaka, ndipo utaka wopanda nsima umangokukumbutsa njala. Ufa unkasowa konsekonse, ndipo othawa njala sanali iwo okha.

Ndiye anyamata anzawo anawaonetsa njira ya kuseri kwa hotela. Kutsogolo munthu wakuda sankapondako pokhapokha atavala yunifolomu, mmene zinalili nthawi ya atsamunda kulikonse. Koma kuseri kunali anthu athu, makhukhi, otsuka mbale, otema nkhuni. Masiku wamba hotela inkakhala ndi alendo ochepa ndipo zotsala zinkathera antchito eniake. Tsiku la ndege mbale zinkachuluka. Panali bambo wina wotsuka mbale, Mtonga wa ku Nkhata Bay, yemwe m'malo motaya makombo ku nkhuti ankawakokolera m'chitini n'kuchiika pa mwala, iye n'kulowa mkati osayang'ana kumbuyo, kuti asaone, kuti akafunsidwa anene zoona kuti sanaone.

"Tsiku la ndege linali tsiku lodya," anatero agogo. "Inu mumati ndinkakonda ndege. Ine phokoso lija ndikalimva, malovu ankadzadza mkamwa."

Mmenemo ndi momwe analawira buledi koyamba, makoko ake ouma aja azungu ankasiya m'mbale, ena ali ndi bata pang'ono. Anati ankadya mbatatesi ndi mafupa pomwepo, polimbirana, koma buledi ankamubisa m'kabudula kupita naye kwa kamchemwali kaja, chifukwa n'chokhacho chomwe kankalola kumeza, ataviika m'madzi. Kanali katatupa miyendo ndi nkhope, tsitsi litafiira. Kanadya buledi wa ndege maulendo angapo. Kenako tsiku lina ndege inatera, agogo anathamanga ndi makoko awo, anakapeza azimayi atakhala pakhonde.

Mayi anga ankalira mwakachetechete. Ankadziwa kuti kunali azakhali awo omwe anamwalira ali mwana, koma za buledi anamva tsiku limenelo, ali ndi zaka makumi asanu ndi mphambu. Ine ndinafunsa funso lopusa lomwe linandibwerera, ndinati nanga buledi uja munatani naye. Anati, "Ndinadya. Ndinali ndi njala."

Foni inali m'chikwama nthawi yonseyi. Ndinaiganizira, sindinama, koma dzanja linakana.

## Yomwe anakwera

Pobwerera m'galimoto munali chete mpaka Monkey Bay. Kenako agogo okha anayambitsa, mwina pofuna kutipepuza, anati komatu akazi anga musaiwale kuti ine ndege ndinakwerapo, inu simunakwerepo. Zinali zoona nthawi imeneyo.

Anabwerera ku Lirangwe ndi mayi awo chimanga cha 1950 chitacha. Atakula analembetsa Wenela, bungwe lolemba anthu okagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, ngati anzawo onse, ndipo Wenela inali ndi ndege zakezake zonyamula anthu a ku migodi. Ankakwera pa Chileka kukatsika ku Francistown ku Botswana, kenako sitima mpaka Joni. Anati pokwera koyamba anali ndi chiyembekezo choti mkati muli ngati mmene ankaganizira ali mwana, matebulo, nsalu zoyera, munthu wobweretsa tiyi. Anapeza anthu atapanikizana, aliyense ndi nambala yake, ena akusanza chifukwa cha mantha. Anaseka pofotokoza, anati ndinayang'ana uku ndi uku kufuna khitchini, kunalibe.

Johannesburg yomweyo, mlengalenga momwemo. Ena masiku anayi akugona m'mahotela, ena ndi nambala pa mkono. Mu Epulo 1974 ndege ina ya Wenela inagwa itangonyamuka pa Francistown ndipo Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kumudzi anafera pomwepo, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu a ku migodi. Agogo n'kuti ali kumudzi pa tchuthi, akuganiza zopitanso. Sanapitenso. Anagula njinga ndi wailesi, n'kuyamba kulima nandolo ndi kutinamiza ife za ndege yotera pa madzi.

Chomwe chimandisowetsa mtendere n'choti nkhaniyo ankaiyamba nthawi zonse ndi ndege chifukwa ndi khomo lokhalo lomwe ana akanalowera. Ankadikira kuti wina afunse kuti kenako chinachitika n'chani. Ife pakhomo pomwepo tinkagwa ndi phwete, iwo n'kutseka. Zaka ndi zaka. Ndipo ine, wophunzira wa m'banjamo, ndi amene ndinakhoma ndi loko.

Masiku ano ndikaona zithunzi zija zikuzungulira pa Facebook, anthu akulemba m'munsi kuti kale zinthu zinali bwino, Malawi anali pa mapu, ndege za ku London zinkatera pa nyanja yathu, ndimayamba kulemba yankho kenako n'kufufuta. Sakunama, inkateradi. Chithunzicho anajambula ataima kutsogolo kwa hotela, ndipo ojambulayo akanangotembenuka n'kuyenda masitepe makumi atatu akanawapeza agogo anga pa mwala akudikira chitini.

## Kachitseko

Solent zatsala ziwiri zokha padziko lonse, zonse m'nyumba zosungira zakale, ina ku Oakland ku America, ina ku Auckland ku New Zealand. Ya ku Oakland inali ya BOAC. Khrisimasi ya chaka chomwecho ndinapita kumudzi ndi zithunzi zake, zamitundu, ndinachita kukazitsukitsa pa pepala mu Limbe chifukwa pa foni agogo ankati akungoona utsi.

Anavala magalasi awo omanga ndi ulusi, anakhala pa mpando wa ndalema pansi pa mtengo wa mango, zidzukulu zing'onozing'ono zitawazungulira. Ndinawaonetsa mkati, mipando, masitepe okwerera m'mwamba, malo a oyendetsa ndi mawotchi ake ambirimbiri. Zimenezo anangodutsa. Anatenga chomwe chinkaonetsa ndege yonse cham'mbali n'kuchiyandikitsa kumaso, chala chikuyenda pa thupi lake kuchokera kumphuno. Anati mazenera ndi omwewa. Chala chinapitirira, n'kuima.

"Apa. Mabasiketi a zakudya ankalowetsera apa. Ankachoka nawo kukhitchini ataphimba ndi nsalu, kutidutsa ife, fungo lokhalokha."

Kamwana ka mchimwene wanga, ka zaka zisanu ndi chimodzi, kanasuzumira n'kufunsa kuti agogo, ndege imeneyi ilibe matayala? Anzake anayamba kuseka. Mchimwene wanga, yemwe uja wa buno bwamuswe, anawakalipira kuti akhale chete, n'kukhala pansi pa dothi iyenso, thalauza lake la Khrisimasi lomwelo. Agogo anapinda chithunzi chija pakati, anachiika m'thumba la jekete, anakonza kukhosi, n'kuyamba ndi mphepo.

Anatisiya mu 2021. Chithunzicho tinachipeza m'jekete momwemo, chitafewa ngati nsalu, pa kachitseko paja pali kuda ndi chala.